Kuwala Kumene Kunkathawa Profesa

Inu amene mwatopa n'kuyesa, tamvani za Despina Halkias wa ku Melbourne.

Tsiku limene Profesa Merrick anamuuza kuti chaka chikatha osaonetsa kanthu achoka mu labotale, Despina anakalirira m'chimbudzi. Anali atalepherapo mayeso mpaka kubwereza, ndipo malowa anawapeza movutikira.

Ntchito yake inali yolowetsa kuwala mu tchipi, kachipangizo kochepa ngati chikhadabo. Kanyali kanali apa, tchipi apo, ndipo kuwalako kunayenera kulowa m'kanjira ka m'tchipimo, kopyapyala kuposa tsitsi. Akalunjikitsa bwinobwino, kunkadutsa. Akangoitana profesa, kwazima. Profesa akatuluka, kwabwerera.

"Despina, kodi kuwala kwakoku kumandiopa?" anafunsa Merrick. "Kapena ndizibwera mozemba?"

"Kunalipo ndithu, a Profesa! Pompano!"

"Ndiye kwapita kokamwa khofi, eti?"

Anasintha kanyali, anapukuta tchipi, anasuntha tebulo, koma ayi ndithu. Mutu unaima. Anafika pomadzifunsa ngati anthu amene ankamutcha mbuli atalephera mayeso sankanena zoona.

Madzulo ena anakwera tiramu, sitima ya mumsewu imene imadutsa pafupi ndi labotaleyo. Anaona mayi akuyesa kumwetsa mwana amene anakhala pampando wina. Tiramu ikagwedezeka, botolo linkaphonya pakamwa. Mayiyo anatopa nazo, n'kumunyamula mwanayo kumuika pamiyendo. Tsopano ankagwedezeka limodzi, mwana n'kumamwa osaphonya.

Despina anapitirira potsikira pake ali kukamwa yasa. Kani ndi tiramu! Ikadutsa, nyumba ya labotale inkanjenjemera pang'ono, kanyali ndi kanjira n'kuphonyana. Mwatsoka, profesa ankangofika tiramu ikudutsa.

Tiramu sakanailetsa. Choncho anayamba ntchito yovuta koposa, yomata kanyali pa tchipi pomwepo, pakhomo penipeni pa kanjira. Matchipi ambiri anasweka, ena anapsa, iye osagwa ulesi.

Chaka chili pafupi kutha, anadikira dala tiramu ikubwera n'kuitana Merrick. Mawindo ananjenjemera, koma kuwala sikunaphethire n'komwe.

"Lero sikukundiopa," anatero Merrick atayang'anitsitsa. "Chaka chamawa tebulo lako ndi lomweli."

Despina analiranso, koma ulendo uno sanakabisale.

Mwina nanunso mukudzitcha mbuli, pamene chikugwedezeka ndi nthaka imene mwaimapo. Nthakayo sidzasiya kugwedezeka, abale. Sendezani chanucho pafupi, muchigwiritse, ndipo musataye mtima.