Kapu ya Mkaka Pamlatho

Alamu anga a Eleuterio Vera anayamba kubereka mpope wa mankhwala asanamere ndevu. Minda ya koko ya kuno ku Vinces, yawo ndi ya eni ake, aipopera zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindinawaonepo atatseka mphuno. Kabowo ka mpope kakatsekeka ankangokauzira ndi pakamwa, kulavula, n'kupitiriza. Ndikawadzudzula ankaseka.

"Alamu, mantha inu! Mlongo wanu alipo, ndifa bwanji?"

Ankanena za mkaka. Kuno timati munthu akachoka kopopera amwe mkaka, umatsuka poizoni m'mimba. Nanenso ndinkakhulupirira, ndisaname. Koma mlongo wanga Hermelinda ndiye anazigwira ngati pemphero. Anagulitsa makina ake osokera n'kugula ng'ombe, ndipo tsiku lililonse lopopera ankakawachingamira pamlatho wa nsungwi ndi kapu yodzaza, kuti amwe asanavule n'komwe malaya onyowawo.

Chaka chatha manja awo anayamba kunjenjemera. Munthu amene ankamezanitsa mbande mazana awiri pa tsiku, mpeni unayamba kumupulumuka. Ndine ndinawaperekeza kuchipatala. Dokotala wake anali mayi wosapita m'mbali. Anati mankhwala opopera aja awononga mitsempha, ndipo sizidzabwerera mwakale.

"Komatu mkaka ndimamwa, adokotala."

"Mkaka ndi chakudya, bambo. Sutsuka kanthu."

Tinabwerera pa basi. Titayandikira potsikira, alamu anandigwira bondo.

"Zimenezi mlongo wanu asazimve. Makina aja ankawakonda."

Titafika anamuuza kuti dokotala wati chipanda mkaka wake, bwenzi atafa kalekale. Hermelinda analira ndi chimwemwe. Ine ndinangoyang'ana nkhuku pabwalo, mtima ukuwawa, koma ndinawamvetsa.

Mpope uja anautenga mwana wawo Wilmer, bambo wa ana awiri. Mvula itafika, zipatso zitayamba kuda ndi kuwola m'mitengo, ankapopera sabata iliyonse. Loweruka lina masana ndinali kwawo kuthandiza kuanika koko pabwalo. Wilmer anatulukira msana uli chonyowa, maso ali psuu. Chotseka kumphuno chimene bungwe la alimi linagawa chinali pamsomali pakhonde, chidakali m'pepala lake.

"Iwe, chija sukuvala bwanji?" ndinamufunsa.

"Chimatentha, malume. Nanga si adokotala anena okha kuti mkaka wa amayi ndi umene wasunga ababa?"

Tsikulo Hermelinda anachedwa kukama, ndiye anatuluka nayo kapu ya mkaka pabwalo pompo, akumwetulira. Ndinawayang'ana alamu anga. Nkhope yawo inali itagwa.

"Mayi, tandipatsani ineyo kapuyo," anatero kwa mkazi wawo.

Anaigwira ndi manja awiri n'kuikweza patsogolo pa mwana wawo. Kapu inagwedezeka, mkaka n'kumatayikira m'zala, m'zigongono, mpaka pa koko amene tinayanika.

"Wilmer, taona manjawa. Ndamwa makapu angati ine?" Kenako anatembenukira mkazi wawo. "Ndinakunamizani, mayi. Dokotala anati sutsuka kanthu."

Hermelinda sanalire. Anawalanda kapu, n'kuwapukuta manja ndi epuloni yake, chala chimodzichimodzi. Atatha anapita pamsomali paja, anang'amba pepala, n'kumuika mwana wake chotsekacho m'manja.

Ng'ombe ija amaikamabe mpaka lero, koma pamlatho anasiya kupita.