Chikwangwani Chomwe Chinatseka Zenera la Abambo

Tsiku loika maliro a abambo athu, achemwali anga sanayang'ane munthu kumaso. Anakhala pansi atazolika, ndipo chomwe ankaona ndi mapazi okhaokha a anthu odzapepesa.

Nkhaniyi ndikulembera inu amene muli ndi kabizinesi kakang'ono, ndipo mwayamba kuganiza kuti chikusowa ndi phokoso. Ndi nkhani ya achemwali angawo. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndinali ku koleji pamene zonsezi zinkayamba, ndipo sindinamalize. Za ine zithere pomwepa.

Abambo anali osoka nsapato. Ankachita lendi kachipinda m'mbali mwa msewu umene anthu oyenda pansi amadzera popita kuntchito. Kachipindako kanali ndi chitseko chimodzi ndi zenera limodzi lalikulu, ndipo tebulo lawo logwirirapo ntchito linali pazenera pomwepo. Aliyense wodutsa ankawaona, timisomali tili pakamwa, nsapato ili pabondo. Moni ankapatsirana pazenerapo. Ena ofulumira ankangovula nsapato, kuipereka pazenera, n'kuima ndi mwendo umodzi kudikira.

Anali ndi chizolowezi chimene tinkawaseka nacho. Nsapato iliyonse, kaya yakuda kaya yoyera, akamaliza kuisoka ankamangapo kamfundo ka ulusi wachikasu kumbuyo kwa chidendene.

"Ikadzabwerera ndidzadziwe kuti ndi yanga," ankatero. "Munthu asadzandinamizire ntchito ya wina."

Amayi anatisiya tili ang'ono, choncho tinakula ndi singano imeneyo. Sitinali olemera, koma sitinagonepo ndi njala.

Kenako kunabwera mkulu wina wotsatsira anthu malonda. Tinkangomutchula kuti a Tayi, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, tayi sinkachoka pakhosi.

"Madala, luso muli nalo, koma dziko silikukudziwani," anawauza abambo. "Mukufuna kukalamba mukusoka mapatapata? Mabwana a magalimoto akusowa kokonzetsa nsapato zawo zodula. Angofunika kumva za inu basi."

Abambo anali ndi mwana ku koleji, ndipo mawu amenewo anawalowa. Anatenga zimene anasunga kwa zaka zambiri n'kuyamba kulipira. Uthenga unamveka pa wailesi. Timapepala tinagawidwa kumsewu waukulu. Pomaliza panabwera chikwangwani cha thabwa lochindikala, chokhala ndi dzina lachingerezi limene abambo omwe ankavutika kulitchula. Pachikwangwanipo panali chithunzi cha mwamuna wa suti, mano ali mbee, atavala nsapato zonyezimira zomwe sizinapondepo fumbi.

Chinali chachikulu moti pakhoma sichinakwane. Anachikhoma motseka zenera lonse.

"Zenera silibweretsa ndalama," anatero a Tayi.

Mabwana aja sanabwere. Timapepala tija tinathera kokulungira zinthu kumsika. Abambo anayamba kusoka atayatsa getsi masanasana, ndipo anthu awo akale anayamba kuchepa mmodzimmodzi. Abambo atadandaula, a Tayi anati uthenga wachepa, awonjezere. Anawonjezera. Fizi yanga itavuta, anandiimbira foni n'kundiuza kuti ndibwere kunyumba kaye pang'ono, zinthu zisintha posachedwa. Mawu awo ankamveka ngati a munthu amene akupepesa.

Tsiku lina achemwali atawatengera chakudya chamasana, anawapeza atatsamira khoma, magalasi ali pamphuno, pabondo palibe nsapato. Madokotala anati ndi mtima. Ine sindikutsutsa.

Tibwerere pamaliro paja.

Achemwali ali chizolikire, anaona kamfundo kachikasu pachidendene cha nsapato yoyera ya namwino. Kenako anaona kena pa jombo za mlonda. Kena pa nsapato ya mwana wasukulu, kena pa sandasi za mayi wina wogulitsa masamba. Mapazi ankadutsa, ndipo ulusi wa abambo unkadutsa nawo. Anthu onsewa analipo. Sanasamuke, sanamwalire, sanasiye kuvala nsapato.

Anthu atayamba kubalalika, achemwali anaitana mlonda uja, bambo wachikulire amene ankakonda kucheza ndi abambo pazenera.

"Bambo, munasiyiranji kubwera?"

Mlondayo anayang'ana pansi. "Mwana wanga, ife poyamba tinkayesa malo aja wagula wina. Titamva kuti ndi omwe aja, tinati basi mnzathu wakwera, mitengo nayo yakwera. Taona jombo zangazi. Ndikanalowa nazo bwanji pansi pa bwana wa suti uja?"

Achemwali akuti apa m'pamene analira kwenikweni.

Patangopita masiku ochepa, eni nyumba anatipeza tikusesa m'kachipinda kaja. Ndi munthu waulemu, koma nyumba ndi yawo.

"Pepani ndi zovutazi," anatero. "Koma pali mnyamata wogulitsa mafoni akufuna chipinda chino. Ntchito ya nsapato yapita ndi mwiniwake."

"Mundipatse mpaka kutha kwa mwezi wamawa," anatero achemwali.

"Inuyo mumatha kusoka?"

"Ndinakulira pansi pa tebulo ili."

Eni nyumba anapukusa mutu. "Chabwino. Koma ndikadzapeza muli zii ngati mmene munalili muja, makiyi ndidzatenga. Tisadzadane."

Kukulira pansi pa tebulo si kudziwa ntchito. Achemwali ankagwira ntchito yoyeretsa m'maofesi, ndipo singano anali ataigwirapo pothandiza abambo basi. Komabe anasiya ntchito yawoyo, ngakhale azakhali athu anawauza kuti apenga ndi maliro.

Choyamba tinazula chikwangwani. Misomali itatuluka, kuwala kunalowa m'chipindamo koyamba patapita nthawi yaitali. Tinaona fumbi pamashelefu, ndi malo osalala patebulo pamene chigongono cha abambo chinkatsamira. Ine mtima unandiwawa.

"Tichiotche chimenechi," ndinatero.

"A Koleji, nzeru zija munazisiya komweko?" anatero achemwali. Amanditchula choncho mpaka lero. "Thabwa ili linadya sukulu yako, ndiye ulisandutse phulusa? Kabwereke sowo."

Tinalidula n'kupanga benchi yaitali yoika panja, pansi pa zenera. Nkhope ya bwana wa suti inagwera pakati penipeni, pomwe anthu amakhala. Pachitseko achemwali analemba ndi penti yotsala mawu oti: Timasoka nsapato, zikwama ndi malamba. Kutsatsa kwawo konse kunali komweko.

Kenako anakhala pampando wa abambo, pazenera, kuti aliyense wodutsa awaone.

Masiku oyamba anali owawa. Anthu ankadutsa, kupereka moni wachisoni, n'kupitirira. Zala za achemwali zinatupa ndi singano, guluu anawasupula khungu. Popeza makasitomala kunalibe, ankasoka nsapato zakale zomwe eni ake sanadzazitenge, kuzimasula, n'kuzisokanso. Ankati munthu wodutsa asapeze manja ali chete.

Woyamba kuwakhulupirira anali mphunzitsi wina. Anasiya nsapato m'mawa, kuitenga madzulo, ndipo mawa lake anabwera nayo kumanja.

"Chemwali, nsapato yanga yayasamula pamaso pa ana. Kalasi yonse inaseka."

Achemwali sanadziikire kumbuyo. Anamukhazika pabenchi, kumasula zonse, n'kusokanso iye akuona, osalandira kanthu. Atamaliza, mphunzitsiyo anaitembenuza n'kuyang'ana kuchidendene.

"Nanga kachikasu kaja?"

"Ulusi umenewo sunakhale wanga," anayankha. "Ndikadzafikapo mudzauona."

Mpukutu wa ulusi wachikasu unali pamsomali pomwe abambo anausiya. Achemwali ankaupukuta fumbi m'mawa uliwonse koma osaugwiritsa ntchito. Ine ndinkaona ngati akungodzizunza. Masiku ankatha, ndipo benchi nthawi zambiri inkakhala ndi bwana wa suti yekha, akumwetulira kumwamba.

Tsiku lina mlonda uja anabwera ndi jombo zake zija. Zinali zotheratu, soli itachoka mbali imodzi, chikopa chitauma gwa. Achemwali analimbana nazo tsiku lonse. Anafewetsa chikopa, kudula soli yatsopano, n'kusoka mozungulira kawiri monga ankachitira abambo. Atatha anazipinda, kuzikoka, kuzimenyetsa pansi. Sizinagwedere. Kenako anatambasula dzanja kumsomali kuja.

Mlondayo ataona kamfundo kachikasu anavula chipewa. 

Bambo ameneyo ankalondera pageti la chipatala, ndipo ndi munthu wosatha kusunga nkhani. Sabata isanathe anamwino anayamba kubwera. Achemwali ataona kuti anamwinowo alibe nthawi yodikira, anayamba kupita okha kugetiko nthawi yosinthana ntchito, atanyamula thumba. Ankatolera nsapato n'kukazibweza mawa lake nthawi yomweyo. Sanalipire munthu kuti awalengezere. Anangopita kumene kunali mapazi amene ankawafuna.

Aliyense wachilendo akabwera, ankamufunsa funso limodzi: "Mwatidziwa bwanji?" Wina ankati, "Ndakuonani mukusoka." Wina, "Anandiuza anzanga kuntchito." Wina, "Ndinaona kaulusi pa nsapato ya mlamu wanga." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula wailesi kapena kapepala.

Benchi itayamba kudzaza, a Tayi anatulukira. Anapepesa maliro mwaulemu wonse, kukhala pabenchi, n'kutsegula chikwama chawo.

"Mayi, ndaona kuti zayamba kuyenda. Ino ndiye nthawi yokankha. Pali njira yatsopano yotsatsira pa mafoni, ndipo inu monga ofedwa ndikutsitsirani mtengo."

Achemwali sanasiye kusoka. "A Tayi, mwa anthu onse amene uthenga wanu uja unawafikira, ndisonyezeni mmodzi amene anabweretsa nsapato pano."

"Zinthu zimenezi zimafuna kudekha, mayi."

"Abambo anadekha mpaka tinawanyamula pampando uno." Anadula ulusi ndi mano. "Komanso tasunthani pang'ono, mwakhalira bwana wanu."

A Tayi anadzuka n'kuyang'ana pomwe anakhala. Mayi wogulitsa masamba amene ankadikira sandasi zake anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine sindinaseke. Ndinkaganiza za abambo akusoka pansi pa getsi, kunja kuli dzuwa.

Sindikunena kuti a Tayi anali wakuba. Chikwangwani anapangadi, uthenga unamvekadi. Kungoti ankaitana anthu amene sankatifuna, n'kuthamangitsa amene ankatifuna.

Mwezi uja utatha, eni nyumba anabwera monga ananenera. Anafika m'mawa, nthawi imene anthu amapita kuntchito. Pabenchi panalibe malo. Panali mwana wasukulu ndi chikwama choduka lamba, wanjinga wina atavula nsapato imodzi, ndi amayi awiri akukangana za amene anayamba kufika. Achemwali anawaona eni nyumbawo, koma anapitiriza kusoka.

Eni nyumba anaima kwa nthawi, akuyang'ana benchi, zenera, ndi mashelefu odzaza nsapato. Kenako anawerama, kumasula zingwe, n'kuvula nsapato yakumanja. Kuchidendene kwake kunali kamfundo kachikasu kakalekale, kofwifwa.

"Iyi anasoka ndi bambo anu," anatero. "Yandiyendetsa zaka. Ndione ngati mwana wawo angafanane nawo."

Anaipereka pazenera, n'kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma. Za makiyi sanatchule, ndipo mpaka lero sanatchulenso.

Sitinalemere ayi. Chipinda n'chomwe chija, tebulo n'lomwe lija. Koma chitseko n'chotsegula, ndipo mpukutu wa ulusi umene abambo anasiya unatha, tinagula wina. Ine ndimadula zikopa ndi kumata masoli. Achemwali amati chaka chamawa ndibwerera kusukulu, ndifune ndisafune. Nthawi zina munthu akapereka moni pazenera ndimadzutsa mutu msanga, kuyembekezera kumva mawu a abambo akuyankha. Chimene chimandipweteka n'chakuti anamwalira akuganiza kuti anthu anawaiwala, pamene anthuwo ankayenda ndi ntchito yawo kumapazi tsiku lililonse.

Ndiye inu amene malonda akuvuta, musanapereke thukuta lanu kwa munthu wolonjeza kuti dziko lonse likudziwani, yambani mwayang'ana amene akukudziwani kale. Afunseni chimene chinawabweretsa. Amene anasiya kubwera, apezeni muwafunse chimene chinawabweza, ndipo mumvetsere ngakhale yankho likhale lowawa. Kutsatsa si koipa, koma musalipire phokoso limene simungathe kuloza munthu amene labweretsa. Ndipo chilichonse chimene mungakhome pakhoma panu, chisatseke pamene anthu amakuonerani mukugwira ntchito.

Ngati mwataya kale zambiri, ngati mwaika kale munthu wanu m'manda, achemwali anga anayambira pomwepo. Zulani chimene chatseka zenera, khalani pampando, tengani singano. Mtima wokhawo musautaye.