Mpando Wotsala wa a Ndidzapita

Dzina loti a Ndidzapita sanabadwe nalo, anachita kudzigulira ndi pakamwa pawo. Ntchito yawo inali yokonza m'ndege za kampani ya boma. Ndege ikatera, anthu n'kutsika, iwo ndi anzawo ankakwera ndi matumba akuda ndi nsanza, kutola makapu, kupukuta timatebulo, kupingasa malamba pamipando. Ndege anaikwera kosawerengeka, koma yoima.

Kampaniyo inkapatsa wantchito aliyense tikiti yaulere chaka chilichonse. Ulere wake unali ndi mchira: unkakwera pokhapokha mpando utatsala, olipira onse atakhala. Ndipo mipando inkatsaladi, makamaka pa ulendo wautali wa kutsidya kwa nyanja, komwe mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito ya unamwino. Mapepala onse a ulendo mwanayo anali atawakonzera kalekale.

"Amama, ndege ikumabwera kuno yopanda anthu," ankadandaula pafoni. "Mukudikira chiyani?"

"Ndidzapita, mwanangu. Denga likudontha, ndiyambe ndakonza."

Denga litakonzedwa, bondo linayamba. Bondo litapola, kunagwa ukwati wa mwana wa achimwene awo. Zoona zake n'zakuti ankaopa. Munthu amene amatola timatumba tosanzira tsiku ndi tsiku sungamunamize kuti kumwambako n'kwabwino.

Chimene ankachita mokhulupirika ndi kupempherera kampani. Akakwera n'kupeza mizere yathunthu malamba ali chipingasire, ankada nkhawa, poti ndege yopanda anthu imadya ntchito za anthu. "Ambuye, dzazani ndegezi," ankatero uku akupukuta mawindo.

Kenaka nkhani ziwiri zinafika mwezi umodzi. Yoyamba, mwana uja anabereka mwana wamwamuna. Yachiwiri, mabwana anasonkhanitsa antchito n'kulengeza kuti ulendo wa kutsidya ukungotayitsa mafuta, utsekedwa mwezi ukatha, ndege yaikuluyo izingoyenda m'maiko oyandikana nawo. A Ndidzapita anatenga tchuthi tsiku lomwelo, n'kulongeza sutikesi, pamwamba pake kajuzi kachikasu komwe analukira mdzukulu.

Koma anthu ndi anthu. Ndege imene ankainyoza kuti imachedwa, atamva kuti ikutha, onse anaikonda mwadzidzidzi. Amalonda, ophunzira, odwala, onse anathamangira matikiti. Pemphero lija linayankhidwa mochita kusefukira. Walira mvula walira matope.

Tsiku lililonse la ulendo ankafika m'mawa atavala diresi ya kutchalitchi, n'kuima pafupi ndi kauntala. Kukhala pansi kunkawakanika. Ankayenda kukafika pawindo, kubwerera, kuwerenga mitu ya anthu pamzere, kusokonezeka, kuyambiranso. Anafika pomafunira anthu osawadziwa kuti galimoto iwafere panjira, kenaka n'kudzichitira manyazi.

"Yadzaza, amayi," kalaliki wa matikiti ankawauza osawayang'ana kumaso. "Muyesenso ulendo winawo."

Ankabwerera ndi sutikesi yawo pa minibasi, aneba akusuzumira pamawindo. "Mwafika kale? Kutsidya kuli bwanji?" Kunyumba sutikesiyo sankaimasula, inkagona pakhomo. Pafoni khanda linkaoneka likunenepa, ndipo iwo ankatulutsa kajuzi kaja n'kukakoka m'mbali, kuopa kuti kachepa.

Tsiku la ndege yomaliza anzawo okonza anawadutsa ndi matumba awo akuda. "A Ndidzapita, lero tikukonzerani mpando!" anafuula mmodzi. Iwo sanaseke. Mzere unatha, pamalo odikirira panayera. Dzina la bambo wina linaitanidwa pachimkuzamawu, linaitanidwanso, koma mwini wake osaoneka.

Kalaliki anawakodola. "Amayi, mpando ulipo. Koma mundimvetse bwino. Iyi ndi yomaliza. Tikiti yanuyi ndege za makampani ena siziilandira, ndiye siikakubwezani. Tchuthi chikatha musanabwere, za ntchito mukuzidziwa nokha."

A Ndidzapita anayang'ana sutikesi yawo. Anaganiza za nyumba, za ntchito, za timatumba tija. Mawu awo akale anafika pamlomo okha, ofewa, ozolowereka.

"Ndidza..."

Anawameza. Ananyamula sutikesi n'kuiika pasikelo.

"Zobwerera ndikaziona komweko. Mwana akukula."

Mpando wawo unali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chimbudzi. Lamba anali wopingasidwa bwino, koma m'kathumba ka mpando wakutsogolo munali kapepala ka switi. Anatsonya, n'kukatola, n'kukaponya m'chikwama chawo. Kenaka anasolola kathumba kosanzira n'kukagwira ndi manja awiri. Pawindo anaona anzawo ataima patali, akugwedeza nsanza m'mwamba, ndipo pansi panayamba kuyenda.