Wotchi Yomwera Madzi Kuseri kwa Nyumba

Amuna anga sanali munthu wa khasu, ndipo m'mudzi mwathu ankadziwa zimenezi ndi ana omwe. Anaphunzira ntchito ku misoni, m'ofisina, nyumba yokonzeramo zinthu, ya Irimau wina, Bulazala wokalamba wokonza mawotchi ndi njinga. Pobwera chikamwini kwathu ananyamula kabokosi ka tizitsulo ndi waya wamkuwa. Amayi anakatsegula poyesa muli nsalu, n'kukatsekanso.

Masiku amenewo asipayi, apolisi a Apwitikizi, ankayenda m'midzi kugwira amuna kupita nawo ku chibalo, ntchito yokakamiza. Wopulumuka anali yekhayo wokhala ndi ntchito yodziwika kwa mzungu. Irimau uja anali atamwalira, ndipo Padiri watsopano, wansembe wa pamisonipo, sankawadziwa amuna anga. Atakapempha ntchito, Padiri anawayankha kuti chibalo chikayandikira aliyense amasanduka mmisiri. Anati apange chinthu choonetsa luso lawo, iye adzachiona tsiku lodzachita Misa kudera kwathu. Chikamukhutiritsa adzawalemba m'ofisina, asipayi osawakhudzanso.

Amuna anga anasankha kupanga wotchi yosafuna kupukusa, yoyenda ndi mphamvu ya pilya, amene ena amati mabatire. Bokosi anapala okha ndi matabwa a mlombwa. Timagudumu ta mano anatichotsa m'wotchi yakufa imene anatola ku misoni. Pakati panalendewera pendulo, kandodo kokhala ndi chitsulo kunsi, ndipo pambali pake panali msomali waukulu umene anaukulunga waya mpaka zala kutupa. Moto ukadutsa mu wayayo, msomali unkakoka chitsulo, pendulo n'kumapita uku ndi uku. Pilya anakazigula ku Dedza kudzera pamalire a Kalomwe, koma mwezi usanathe zinali zitafa.

Pamenepo anakumbukira nzeru ya Irimau uja. Anakumba dzenje lolekeza m'chiuno kuseri kwa nyumba, naikamo lata la zinki mbali ina, mbale yamkuwa mbali ina, n'kukwirira. Nthambo ziwiri zinatuluka m'nthaka n'kulowa m'nyumba kudzera pachibowo cha khoma.

“Nthaka ikanyowa imatulutsa moto wake,” anandiuza. “Ndi wochepa, koma wotchi si yadyera.”

Inayendadi. Ntchito yanga inali kuthira mtsuko wa madzi padzenjepo m'mawa uliwonse. Ndinkawaseka kuti anzanga akuyamwitsa ana, ine ndikumwetsa wotchi. Koma ndisaname, kulira kwake ndinkakukonda, chifukwa ndikamakumva mantha a chibalo ankandichoka.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Chimanga chimene anthu anabzala ndi mvula yoyamba chinapserera, zitsime n'kutsala matope. Mitambo inkasonkhana cha ku Domwe, ikafika pamwamba pa mudzi wathu n'kubalalika. Akazi anzanga pachitsime ankandiona ndikulimbirana nawo madzi okathira panthaka yopanda mbewu, ndipo nkhani inayamba kuyenda yakuti mkamwini wamanga mvula ndi nthambo zake. Anthu anjala sachedwa kupeza wowalodza.

Atsibweni anga, alongo awo a amayi, ndiwo anabwera, khasu lili paphewa, anthu ali pambuyo. Sanali munthu wankhanza, anandilera ndi iwowo. Tsikulo anali ndi mantha.

“Akamwini, mwakwirira chiyani kuseri kwa nyumba ya mwana wanga?”

“Ndi malata chabe, atsibweni, palibenso china.”

“Nanga nthambozi zikumanga chiyani?”

“Sizimanga kanthu, zimayendetsa wotchi. Chonde, ingodikirani Lamulungu likubwerali Padiri aione, kenako ndifukula ndekha.”

“Mbewu za anthu zidikire Lamulungu? Mwabwera kudzakwatira kuno kapena kudzatipha?”

Amuna anga anangoweramitsa mutu. Mkamwini alibe pakamwa panthaka ya eni ake. Ine ndinalalata, ndinakhala padzenjepo, ndinawatchula atsibweni mawu amene mwana satchula wamkulu. Amayi ndiwo anandikoka, akulira. Khasu litadula nthambo, ndinamva m'nyumba pendulo ikufooka pang'onopang'ono mpaka kukhala chete. Malata aja anakawaponya padziwe lakuya la kumtsinje kuti azizire.

M'mawa mwake amuna anga anayenda wapansi mpaka ku Kalomwe kukafuna pilya, koma anabwerako chimanjamanja. Zinki wina kapena mkuwa panalibe poupeza m'masiku otsalawo.

Lamulungu Padiri anabweradi itatha Misa. Anawerama polowa m'nyumba, nayang'ana wotchi, n'kukankha pendulo ndi chala. Inapita uku ndi uku kangapo, n'kuima. Amuna anga anayamba kufotokoza za dzenje, Chipwitikizi chikuwathawa pakamwa, koma zonena kuti nthaka imayendetsa wotchi zinkamveka ngati bodza la munthu wothawa chibalo. Padiri anati bokosilo ndi lopalidwa bwino, n'kukwera njinga yake.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mvula inagwa sabata yomweyo. Ikanachedwako pang'ono, mwina wina akanachita manyazi. Koma inagwa yambiri, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso munthu woti ungamuuze kuti atsibweni analakwitsa. Ngakhale amayi ondibala anamwalira akukhulupirira kuti atsibweniwo anatilanditsa.

Asipayi anafika mvulayo ili mkati. Anawapeza amuna anga atakhala pakhonde, osathawa, ndipo anawamanga chingwe m'chiuno pamodzi ndi amuna ena a midzi yoyandikana. Popita anadutsa pakati pa minda. Akazi anali kubzala, akuimba nthungululu chifukwa cha mvula, ena osadzutsa n'komwe mutu. Ndinawatsatira mpaka pamtsinje. Atatsala pang'ono kuwoloka amuna anga anatembenuka, madzi akuyenderera kumaso.

“Mai a nyumba, muifunde wotchi ija, denga likudontha pamenepo.”

Ndinaifunda ndi nsalu yanga yaukwati. Anzawo atabwerako kuminda ya nzimbe ya kuchigwa cha Zambezi, anandibweretsera bulangete la amuna anga lokha.