Mwendo wanga unathyoka kawiri

Inu owerenga, ine ndimatsimphina mwendo wakumanzere, ndipo anthu akandifunsa ndimangoti ndinagwa. Lero ndinene zoona. Mwendowu unathyoka kawiri. Koyamba anandithyola ndi anthu, koma kachiwiri ndinadzithyola ndekha, mwana ali kumsana, chifukwa chofuna kuti anthu asaleke kunditcha wamphamvu.

Kwathu ndi ku Midzemba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma mpira wamanja sindinausiye. Amayi a m'mudzi mwathu tinali ndi timu, ndipo tinkasewera Loweruka masana pabwalo la sukulu titamanga zitenje, poti chovala chachifupi chinali mlandu. Ine ndinali wotchinga kugolo. Ndisaname, luso langa lenileni linali chigongono. Ndinkakhulupirira kuti thupi lolimba ndi lija losamva ululu, ndipo munthu wopuma ndinkamuyesa waulesi. Nditabereka mwana wanga woyamba, Tiyanjane, panangotha miyezi itatu ine n'kubwerera m'bwalo.

Chaka chimene othawa nkhondo a ku Mozambique anayamba kuchuluka ku Luwani, tinapita kukasewera ndi amayi a ku Magaleta. Iwo anali ndi mtsikana wamtali woponya bwino, dzina lake Felesiya. Atagoletsa kanayi ndinapsa mtima. Atadumphanso ndinamulowetsa chigongono pakamwa. Mano awiri anagwera m'fumbi, magazi ali chuchuchu pabulauzi yake. Mphunzitsi woimbira mpira analiza wenzulo koma panalibe amene anamva. Achemwali ake a Felesiya anandikoka tsitsi n'kundigwetsa chagada, ena akundiponda m'nthiti. Ine ndinaluma wina dzanja mpaka ndinamva magazi ake m'kamwa mwanga. Kenako wina, mpaka lero sindimudziwa, anazula mtengo wa golo n'kundimenya nawo pamsongolo. Ndinamva kuti thyo! mkati mwa mwendo.

Anzanga anandikankha panjinga mpaka kwathu. Chipatala chinali pafupi, koma amalume anakana. Anati nkhani ikafika kuchipatala ifikanso kupolisi, ndipo woyamba kumangidwa ndikhala ine, wogulula mano a mwana wa eni ake. M'malo mwake anaitana bambo wina wodziwa kulumikiza mafupa. Amuna awiri anandipanikiza m'mapewa, bamboyo n'kukoka mwendo ngati akuzula chinangwa. Ananditema mphini ndi lezala kuzungulira potupapo kuti magazi oipa atuluke, anapaka mankhwala akuda, n'kumanga timitengo tansungwi ndi luzi. Sindinalire. Amayi amene ankaonerera pakhomo anati, "Koma mkazi uyu ndi chitsulo, eti!" Mawu amenewo anandiwononga kuposa mtengo wa golo.

Bambo aja anati ndisaponde pansi kwa miyezi iwiri. Pa sabata yachitatu mlamu wanga anabwera kuchokera kumsika ndi nkhani yakuti ku Magaleta apeka nyimbo, akuti chigongono cha ku Midzemba chayamba kukwawa. Amuna anga anaona nkhope yanga n'kunena kuti, "Asiyeni aimbe, amake Tiya. Kodi nyimbo inathyolapo fupa la munthu?" M'mawa mwake iwo atapita kudimba ndinamasula nsungwi zija, ndinabereka mwana, n'kusenza dengu lodzaza chimanga. Ndinasankha dala chigayo cha kumsewu, kumene anthu a ku Magaleta amadutsa, kuti akandione ndi maso awo ndikuyenda.

Njira yake ndi yotsetsereka, yamiyala. Phazi lililonse limene ndinkaponda, mwendo unkandibaya ngati singano yamoto, ine n'kumangoluma mano. Nditafika pamtsetse wa kukhwawa ndinaterereka. Mwendo unapindika pamalo pamene palibe bondo. Fupa linaboola khungu n'kutulukira kunja, loyera mbee. Ndinagubuduzika pamodzi ndi mwana, ndipo ndinamva mutu wake ukugunda mwala. Inu owerenga, mwanayo anangoti zii, osalira. Ndinamumasula, nkhope yake yonse ili magazi okhaokha. Ndinamugwedeza, ndinamuuzira mpweya kumaso, ndinamuitana dzina. Atakuwa, ndi pamene nanenso ndinalira koyamba.

Anthu anatinyamula pamachira mpaka kumsewu, ndipo lole yochokera kokasiya ufa ku Luwani ndi imene inatifikitsa kuchipatala chachikulu. Tiyanjane anamusoka pachipumi. Ine adokotala anandiuza mosabisa kuti bala likavunda mwendo audula. M'mawa uliwonse ndinkawerama kununkhiza bandeji kuti ndimve ngati layamba fungo. Mulungu anandichitira chifundo, silinavunde. Koma fupa linalumikizika lofupika, ndipo ndinakhala m'chikhakha miyezi itatu.

Atachotsa chikhakhacho mwendo unali wowonda ngati mpini wa khasu. Namwino wina wachikulire, wochokera kumpoto, anandikhazika pamphasa n'kundiuza kuti ndilimbitse ntchafu, ndiwerenge mpaka khumi, ndisiye. Kenako ndigwedeze zala zakuphazi. Kenako anandimanga kathumba ka mchenga pakakolo kuti ndizikweza mwendo pang'onopang'ono. Ndinaseka, ndinati amenewa ndi masewera a ana. Iwo anati, "Mama, mphamvu zanu zija ndi zimene zakugonekani pano. Tsopano tayesaniko ulesi." Kathumbako kanandikanika. Ine wosenza dengu lodzaza, mchenga wa m'manja awiri unanditulutsa thukuta.

Kuyambira pamenepo ndinamvera. Kunyumba ndinkachita zimenezi m'mawa ndi madzulo. Ndinayamba kuyenda ndi ndodo kufika pankhokwe n'kubwerera, basi. Mwezi wina kufika pachitsime. Mwezi winanso kubwerako ndi theka la ndowa. Ululu ukabwera ndinkakhala pansi pomwepo, ngakhale pakati pa njira anthu akudutsa. Tiyanjane anayamba kuyenda ine ndisanataye ndodo, ndipo panatha chaka chathunthu asanakwerenso pamsana panga. Ankalira akutambasula manja, ena n'kumubereka ine ndikuona.

Nditayamba kuyenda bwino ndinapita ku Magaleta ndi nkhuku kukapepesa kwa Felesiya. Anailandira, koma poseka amatseka pakamwa ndi dzanja, ndipo mpira anausiya.

Masiku ano ndisanagwire khasu ndimayamba ndawongola miyendo ndi msana. Katundu wolemera ndimamugawa maulendo awiri. Kubwalo ndimapitabe, koma kukaphunzitsa atsikana. Amayamba athamanga pang'onopang'ono kuti thupi lifunde, ndipo amene wabinya phazi amakhala panja mpaka atachira, alire asalire. Chodabwitsa n'chakuti ndimalima munda waukulu kuposa kale, chifukwa sindigonanso masiku atatu ndi msana monga ndinkachitira.

Amayi anzanga, ndi inu atsikana okonda masewera, ndikupemphani. Fupa likathyoka pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale muli ndi mlandu, pakuti mlandu umakambidwa n'kutha. Akakupatsani miyezi yopuma, musadulepo ngakhale tsiku limodzi. Ululu ukakuuzani kuti imani, imani pomwepo, tulani katundu, anthu aseke. Kuseka kwawo kumatha dzuwa lisanalowe, koma mwendo wofupika mudzapita nawo kumanda.