Kusaka nyimbo za Tadala ku Karonga

Tinanyamuka pa Hara Loweruka sikisi koloko itangokwana, ine ndi mwana wanga Tadala. Ali ndi zaka zinayi, koma ndinam'bereka kumbuyo, chifukwa pamsewu sayenda. M'manja ndinanyamula kang'oma kake nditakakulunga m'chitenje, ndipo m'chikwama munali kasipika ndi memore khadi. Ndilemba zonse mmene zinayendera, ngakhale zina ndi zondichititsa manyazi.

Tadala salankhula. Kuchipatala anandiuza dzina la vuto lake m'Chingerezi, n'kundiuzanso kuti jekeseni wake palibe. Zinthu zikamusokonekera amadzimenyetsa mutu kukhoma. Chokhacho chomwe chinkamukhazika pansi ndi nyimbo zomwe malemu bambo ake, amene anali msilikali ku Chilumba, anabwera nazo kuchokera ku Congo. Anazikopera kwa msilikali mnzawo wa dziko lakutali, n'kugulanso ng'oma ziwiri zoomba ndi manja. Ankati nyimbozo ndi salsa, koma yakale. Akaweruka ankaziyatsa, iwo pa ng'oma yaikulu, mwana pa yaing'ono. Atamwalira chaka chatha, pa ng'oma yaikuluyo ndinakhalapo ine, kumangotsatira zomwe sipika ikunena.

Nyimbozo ndinazifufutitsa ndekha. Ndine mlembi wa kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo tinkafuna nyimbo zoti tiphunzire za ukwati. Foni yanga itadzaza, ndinasolola khadi m'kasipika n'kupita nayo kwa obena nyimbo pa Uliwa, aja amakopera anthu nyimbo ndi kompyuta. Aliyense kuno amadziwa kuti obena nyimbo saika kanthu m'khadi asanaifomate, poopa mavayirasi. Inenso ndimadziwa. Ndili ndi satifiketi ya kukoleji, makompyuta ndinaphunzira. Tsiku limenelo ndinali ndi changu, basi. Nditazindikira ndinathira mabandulo atatu kusaka pa intaneti. Zinabwera nyimbo zosawerengeka, zothamanga, malipenga okhaokha, Tadala n'kumatseka makutu. Mayina a nyimbo zake sindiwadziwa, poti m'khadimo zinkangolembedwa manambala.

Pofika Loweruka limenelo panali patapita masabata awiri. Pamphumi pake panali chotupa chosaphwa, ndipo a NyaMsiska, mayi amene amamusamala ine ndikakhala ku ofesi, anali atandiuza mwaulemu kuti sangathenso.

Kukafika pa Uliwa tinakwera njinga yamoto, K2,000. Mpunga m'sikimu ya mthirira unali utayamba kucha, anthu ali kale m'minda kuthamangitsa mbalame. Wanjingayo anayang'ana ng'oma, anayang'ana chotupa cha mwana, n'kundifunsa kuti tikupita kwa ng'anga iti. Nditamuuza kuti tikukafuna nyimbo ku boma, anati nayenso sauza anthu akamapita.

Pa Uliwa kakhumbi ka obena nyimbo aja kanali kasanatsegulidwe. Ndinayang'ana kumbali. Minibasi inadzaza cha m'ma hafu pasiti seveni, K7,000 mpaka ku Karonga. Kondakitala ankafuna kuti ng'oma ilipire pakeyake, ati yakhala ngati munthu. Ndinam'funsa ngati nkhuku za bambo amene anali kutsogolo kwanga zinalipira, ndiye nkhani inathera pomwepo.

Pa Nyungwe anatipanikiza ndi matumba a mpunga. Pa Ngara analowetsa mabeseni a usipa, ndipo fungo ndi phokoso la mikangano ya malo zinam'kwana Tadala. Anayamba kugwedezeka uku akung'ung'udza, kenako mutu pagalasi. Ndinaika dzanja langa pakati pa mutu wake ndi galasilo, ndipo linakhala pamenepo mpaka pa Mlare. Mpaka lero zala zikundipwetekabe. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nafe anati, "Mwana uyu wali na vimbuza," n'kupitiriza zambiri m'Chitumbuka. Ine ndine wa ku Ntcheu, Chitumbuka ndimamva theka. Aphunzitsi ena a ku Mulanje amene anali kumbuyo anandimasulira kuti mayiwo akuti mwana ali ndi mizimu, ku Uraha kuli munthu wodziwa kuitulutsa ndi ng'oma, ndipo ng'oma ndanyamula kale, ndangolakwitsa kolowera. Kenako ananong'ona kuti ndisavomere komanso ndisakane, ndingoti yewo. Ndinati yewo. Ndivomereze pano kuti dzina la munthu wa ku Urahayo ndinalilemba m'foni.

Tinatsika pa depoti ya Karonga teni koloko isanakwane, dzuwa litayamba kale kuwotcha phula. Obena nyimbo pamenepo ali m'ndandanda, aliyense ndi sipika yake yoyang'ana kumsewu. Woyamba anati salsa ali nayo yambiri, n'kundiyatsira rumba ya ku Congo. Nditati si imeneyo, anayatsa rumba ina. Wachiwiri anandipatsa nyimbo zomwe amayi a m'tauni amadumphira pochepetsa thupi. Anati ndiimbeko pang'ono kuti amve, ndiye ndinaimirira pamenepo, mayi wamkulumkulu, mwana kumbuyo, kumang'ung'udza nyimbo ya chinenero chomwe sindichidziwa. Anthu anayamba kusonkhana. Wina anafunsa ngati ndili wa mpingo watsopano.

Wachitatu anali mayi, Chichewa chake chosakaniza ndi Chiswahili. Iyeyu sanandiseke. Analowetsa khadi m'kompyuta, n'kuyesa pulogalamu yobwezeretsa zofufutika. Tinadikira mphindi makumi awiri, ine ndikupemphera chamumtima ngati kuti ndili panja pa thiyeta kuchipatala. Zinabwera zidutswa zosatseguka.

"Pole, dada. Mukanabwera musanaikemo zina, bwenzi zitatuluka. Kwaya yanuyi yagona pamwamba pake."

Sindinamuuze kuti nditaona kuti khadi yafufutika kale, ndinabwereranso pa Uliwa kukaonjezeramo nyimbo zina za kwaya, poganiza kuti palibenso choononga. Anandilozera kwa a Mwalwimba, okonza mawailesi kumsika wa kutauni yakale, ati kale ankaomba ng'oma m'bandi ku Tanzania.

Masana tinadya kaye m'kalesitilanti ka pafupi ndi depoti. Ine ndinaitanitsa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zomwe kuno amazinyadira, koma sizinkatsika. Tadala amadya chapati pokhapokha nditaching'amba tizingwe titalitali, ndiye ndinang'amba. Kenako tinakwera njinga yakapalasa, yomwe kuno amati kago, K1,000.

A Mwalwimba tinawapeza cha m'ma wani koloko, m'kachipinda kodzaza mawailesi otsegula mimba. Ndi bambo okalamba, diso limodzi lili ndi ng'ala. Ndinawalonjera kuti mwaghona, mawu okhawo a Chinkhonde amene ndimawadziwa, ndipo anaseka n'kunena kuti tipitirize m'Chichewa ndisanadzivulaze. Anandilandira ng'oma, anaimasula m'chitenje, anadina chikopa ndi chala chachikulu n'kunena kuti chakhwefuka. Nditafotokoza zonse, sanandifunse chifukwa chomwe ndinaperekera khadi. Anangoti nding'ung'udze.

Ndinang'ung'udza. Iwo anatenga sikuludilaiva n'kuyamba kugogoda pabenchi: katatu, kupuma, kawiri. Katatu, kupuma, kawiri. Tadala, amene anali atakhala pansi kuyang'ana khoma, anatembenuka. M'masabata awiri onsewo anali asanayang'anepo munthu kumaso.

"Mwanayu amaidziwa," anatero a Mwalwimba. "Inuyo kaya."

Anandifotokozera kuti kugogoda kumeneko ndiye msana wa nyimbozi, ndipo woomba ng'oma amayenda mozungulira msanawo. Ati iwo anaphunzirira pa malekodi obwera ndi amalinyero ku Dar es Salaam, kuwazunguliza mpaka kutha mizere. Za masiku ano, ati, amadzaza paliponse, koma akale ankasiyira woomba ng'oma malo, n'chifukwa chake munthu ukhoza kukhala pakhomo n'kumaomba nawo. Kenako anatulutsa katoni pansi pa benchi. Munali makaseti, ambiri atamatirira ndi kutentha, ena madzi a mvula anawalowa. Anawayesa limodzilimodzi, kuwazunguliza ndi cholembera. Atatu okha ndi amene analira.

Yoyamba Tadala anatseka makutu. Yachiwiri sanachite nayo kanthu. Yachitatu itayamba, piyano pang'onopang'ono, bambo wa mawu okandapala, kugogoda kuja kukumveka bwinobwino, anakwawa n'kukafika pa ng'oma yake. Anaika dzanja pachikopa. Sanaombe. Anadikira, mutu atapendeketsa, ngati mmene munthu amadikirira minibasi yomwe akuidziwa nthawi yake. Nyimbo inakhota kulowera kwina. Anadikirabe. Inakhotanso. Kenako anakuwa, n'kudzimenyetsa pa mwendo wa benchi ndisanafike pomugwira. Chotupa chija chinaphulika.

Tinam'pukuta magazi ndi chitenje cha ng'oma. Mayi wogulitsa tomato panja anabweretsa madzi. Tadala atatonthola, a Mwalwimba analankhula osandiyang'ana. Anati mwanayu sakufuna salsa ayi, akufuna nyimbo zake zomwe zija, ndipo nyimbo zotere zinajambulidwa zambiri moti munthu akhoza kusaka mpaka kukalamba. Kenako anakankhira ng'oma kwa ine.

"Mwaomba nazo chaka chathunthu, mama. Ngati zili kwina kulikonse, zili m'manja mwanumo. Ine ndigwira msana, inu ombani zomwe munkaomba."

Anayamba kugogoda. Ndinaomba. Poyamba zinkamveka ngati zikubwera, ndipo Tadala anadzutsa mutu. Koma ndisanafike patali manja anga anapatuka okha n'kulowa m'kaombedwe ka kwaya, kaja ka Lamulungu kopereka chopereka. Ndinasiya, ndinayambanso. Chimodzimodzi. Kachitatu ndinatseka maso, kuyesa kuwaona bambo ake atakhala pakhonde, koma ndinangoona malaya awo, manja osawaona. Manja anga anabwereranso kutchalitchi.

Tadala anaimirira n'kubwera. Ndinaganiza kuti akufuna kuomba nane. Anagwira dzanja langa lamanja n'kulichotsa pa ng'oma, n'kuliika pamwendo panga. Anagwira lamanzere n'kuchita chimodzimodzi. Anachita mofatsa, osalira, kenako anabwerera kukhoma kwake. Kukuwa kwake ndinazolowera, koma ichi sindikudziwa kuti ndidzachiiwala liti. Ndinalira pamaso pa bambo achilendo, iwo n'kumayang'ana wailesi yomwe sinkafunika kuiyang'ana.

Kaseti yachitatu ija tinaijambula ndi foni yanga, nditaigwira pafupi ndi sipika. Munalowanso phokoso la chigayo cha kuseri ndi wina wotsatsa malasha. Nditafuna kuwapatsa kangachepe a Mwalwimba, anakana. Anamangitsa chikopa cha ng'oma, n'kunena kuti ndikamabwera Loweruka lililonse akhoza kuwaphunzitsa manja angawa, koma asandinamize, zimatenga chaka kapena kuposa, ndipo ngakhale pamenepo ndidzaomba ngati iwo, osati ngati malemu. Ndinati ndaga, poti anandiuza kuti zikomo wa kuno ndi ameneyo.

Tinakwera minibasi yobwerera fili koloko. Tadala anagona kuyambira pa Mlare, pamphumi ndili nditamumata pulasitala. Kondakitala wa ulendo uno sananene za ng'oma. Pa Ngara analowa mayi wina n'kufunsa ngati ng'anga yathandiza, ndipo ndinati yayesetsa. Pa Hara tinafika faifi koloko itadutsa, othamangitsa mbalame aja akubwerera kwawo.

Ndinkaganiza kuti ndinataya nyimbo tsiku lomwe ndinapereka khadi. Ulendowu wandionetsa kuti ine sindinakhalepo nazo. Chaka chonse chija ndinkakhala pa ng'oma, maso ali pa nkhope ya mwana, kuona ngati alira kapena ayi, manja n'kumangotsatira sipika. Sindinamvetsere ngakhale nyimbo imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'nyumba mwathu amene anazisunga zonse ndi Tadala, ndipo sangandiuze.

Lolemba ndinalemba kalata yopempha tchuthi ku ofesi, poti a NyaMsiska sanasinthe maganizo, ndipo sindikuwaimba mlandu. Tchuthicho chikatha sindikudziwa. Tsiku lililonse tikatha kudya ndimayatsa zomwe tinajambula zija, chigayo ndi wamalasha momwemo. Ng'oma yaikulu sindiikhudza. Tadala amabwera, amakhala pansi, amaika dzanja pachikopa n'kupendeketsa mutu. Ine ndimakhala pafupi ndi pilo m'manja, kuyembekeza pomwe nyimbo ikhotere.