Amabotolo Abwerera m'Kalasi Mwawo

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse ankangoti Amabotolo, chifukwa mayiwa sankatha kudutsa botolo lapulasitiki panjira osalitola. Amuna awo ankadandaula kuti anakwatira mphunzitsi wa sayansi koma khonde likuoneka ngati kudzala.

Itabwera silabasi yatsopano, yonena kuti ana azigwira zinthu ndi manja osati kungokopera za pabolodi, aphunzitsi ambiri anangoti, "Ipita ngati zinzake zija." Amabotolo okha ndiwo anaikapo mtima. Anadula mabotolo, ena n'kuthiramo mchenga ndi makala osefera madzi, ena n'kudzalamo nyemba n'kuwandandalika pawindo. Ana ankalimbirana kuthirira. Ngakhale aja okhala kumbuyo, odziwika ndi kuwodzera, anayamba kufunsa mafunso.

Mavuto anayambira pamenepo. Woyendera sukulu ataona anati, "Mayi, zabwino ngati izi zisathere pano. Mukaphunzitse anzanu m'sukulu zina."

"Nanga ana angawa, bwana?"

"Ahedi aona chochita."

Ahedi anapereka kalasilo kwa mphunzitsi wa masamu, bambo wofatsa koma wolemedwa kale ndi makalasi ake. Amabotolo anauyamba ulendo, lero sukulu iyi, mawa ija, makondakitala akuwanyogodola chifukwa cha chithumba cha mabotolo. Kulikonse ankawaombera m'manja. Koma akabwererako ankapeza mabotolo aja ali muofesi ya ahedi akumeneko, atapukutidwa bwinobwino, kudikira alendo. Kwina anapeza ataikamo maluwa. Koma abale! Miyendo inatupa, mawu anasasa, kunyumba ankafika atatheratu, amuna awo n'kumafunsa ngati boma linawagula.

Chinkawalimbitsa mtima n'chakuti kwawo zinthu zinagwira. Aliyense wokayika ankamuuza kuti, "Mudzabwere kusukulu kwathu mudzaone."

Teremu itatsala pang'ono kutha anapeza mpata wolowa m'kalasi mwawo. Pawindo panalibe kanthu. Mabotolo anali pakona, nyemba zitauma, ena akusungiramo zidutswa za choko. Pabolodi panali chithunzi cha botolo, chojambulidwa mwaluso ndi rula, mivi ikuloza mchenga ndi makala. Ana anali duu, akukopera.

Wa masamu uja anadzuka mwamanyazi. "Pepani achemwali. Mayeso ayandikira, ndipo ine sindidziwa kuti choyamba kuthira n'chiyani. Ndinaona kuti bola angojambula."

Mtima unawawawa, koma sanamukalipire. Akanamuuza chiyani? Anazungulira chigawo chonse, koma mnzawoyu wa khomo loyandikana ndi lawo sanapezepo tsiku lokhala naye pansi. Mapanga awiri avumbwitsa ndithu.

Masana omwewo ahedi anawaitana akumwetulira. Woyendera uja waimba foni, akufuna kuti teremu yamawa apitenso kusukulu zakutali.

"Muwauze kuti ndatopa, sindipita," anatero Amabotolo. "Ofuna kuphunzira abwere kuno."

"Abwere adzaone chiyani, mayi?"

Amabotolo anangotembenuka. Anabwerera m'kalasi, n'kukhuthula choko m'botolo limodzi, n'kulikweza m'mwamba.

"Ana anga, tikafuna kusefa madzi, timayamba ndi chiyani?"

Palibe anayang'ana botololo. Onse anaweramira m'makope mwawo kufunafuna yankho.